Zikhadabo za a Kalaliki

Mayi wina wosamalira odwala m'nyumba zawo, amene anzake ankamutcha Kalembera, adalakwa kawiri m'mwezi umodzi. Poyamba adawenga zikhadabo za kumapazi za munthu wodwala matenda a shuga, ntchito imene lamulo lidapatsa namwino yekha. Kachiwiri adakopera buku la maulendo m'buku lina latsopano, nasiya dala mizere inayi. Zonse ziwiri adazichita akudziwa kuti zikaululika, chiphaso chake cha ntchito, chimene adachisunga zaka khumi ndi chimodzi popanda banga, chikhoza kulandidwa.

Lamulo la zikhadabo si lachibwana. Munthu wa shuga mapazi ake samva kupweteka msanga, ndipo kabala kochepetsetsa kakhoza kusanduka chilonda chodulitsa mwendo. Kalembera ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense pabungwe lawo, pakuti ndiye ankaphunzitsa atsopano. Dzina lakelo lidachokera ku cholembera. Pamene anzake ankangolemba kuti “wasamba, wadya, ali bwino,” iye ankalemba makapu a madzi amene wodwala wamwa, mbali imene wagonera, ngakhale mawu amene wamutukwana nawo.

Bungwelo lidali laling'ono. Ofesi yake idali zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya matayala, moti fungo la mphira lidalowerera m'mafailo onse. Pakhoma padali bolodi la ndandanda ya maulendo, ndipo m'munsi mwake mudali misomali khumi ndi isanu ndi inayi yokolekapo maepuloni. Ya eni ake idatsala khumi ndi umodzi yokha. Msomali woyamba udali wa namwino, amene adachoka miyezi inayi m'mbuyomo kupita ku chipatala chachikulu kumene malipiro sachedwa. Epuloni yake yabuluu idatsala pomwepo, ndipo palibe adafufuta dzina lake pabolodi. Abwana, mayi amene adayambitsa bungwelo, adalengeza malowo kawiri. Anamwino atatu adabwera, adamva malipiro, adathokoza mwaulemu, osaonekanso. Pakuti olipirira odwala ankatumiza ndalama mochedwa, Abwana sadathe kuwonjezera kanthu, ndipo adafupikitsa ulendo uliwonse kuchoka pa ola lathunthu kufika pa mphindi makumi anayi.

Wodwala wa m'nkhaniyi adali a Kalaliki, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu, imene idalemba milandu kukhoti zaka makumi atatu kudza zisanu. Ankakhala okha m'nyumba ya pamwamba, masitepe makumi anayi kuchokera mumsewu. Mwana wawo wamkazi adali kutali, ndipo ankaimba foni Lamlungu lokha. M'chipinda mwawo mudali bedi lachitsulo, mpando wa manja, wailesi, ndi nsapato zakuda zachikopa zoikidwa pa nyuzipepala pansi pa zenera. M'mawa uliwonse Kalembera akawasambitsa, ankavala shati, tayi, sokosi ndi nsapatozo, kenaka n'kuyenda m'khonde la nyumbayo maulendo makumi awiri monga adawalamula dokotala.

Adali ndi chizolowezi china. Buku la maulendo limakhala kunyumba kwa wodwala, ndipo palibe lamulo loti wodwala azilikhudza. Koma a Kalaliki ankalemba nambala pangodya ya tsamba lililonse ndi inki yofiira, ndipo Kalembera akamaliza kulemba za tsikulo, iwo ankawerenga ndi galasi lokulitsa zilembo, n'kusaina m'munsi.

Namwino atachoka, zikhadabo zawo zidasowa woziwenga. Zidakula, zidakhuthala ngati nyanga ya mbuzi, ndipo cha kuchala chachikulu chidapindikira chala choyandikana nacho.

“Mayi, mwabwera ndi namwino lero?” adafunsa a Kalaliki Lachitatu lina.

“Ayi, Bambo. Ndabwera ndi sopo.”

“Sopo ndili naye. Ndikufunsa za munthu.”

“Akuti akufunafuna.”

“Apolisi anafunafuna mbava ina zaka zisanu, iyo ikugulitsa nthochi pageti la khoti. Kufunafuna ndimakudziwa.”

Sabata yotsatira nsapato zidakana kulowa. Kalembera adawagulira masilipasi, koma iwo adawakankhira pansi pa bedi ndi ndodo.

“Amenewo ndi a kubafa. Mudaonapo munthu akulandira alendo atavala za kubafa?”

“Mlendo wake uti, Bambo? Kuno kumabwera ine ndekha.”

“Ndiye inuyo si munthu?”

Kuyambira tsiku limenelo adasiya kuyenda. Ankavala shati ndi tayi monga kale, n'kukhala pampando mapazi atawafunditsa thaulo, ndipo mapaziwo adayamba kutupa. Kalembera adaimba foni kuchipatala, nauzidwa kuti malo alipo pakatha miyezi itatu. Ngakhale akadapezeka mawa lake, kutsitsa munthu wotere masitepe makumi anayi kumafuna osamalira awiri, ndipo pabolodi la ku ofesi padalibe ola limene awiri adali omasuka pamodzi.

Zonsezi adazilemba. Lachitatu loyamba adalemba kuti, “Zikhadabo zakula, ndadziwitsa ku ofesi kuti atumize namwino.” Lachitatu lotsatira adalemba kuti, “Nsapato sizikulowa, ndadziwitsanso ku ofesi.” Lachitatu linanso adalemba kuti, “Chala chachiwiri chafiira pamene chikhadabo chikukhula, ku ofesi ati namwino kulibe.” A Kalaliki adasaina katatu konse.

Lolemba lotsatira Kalembera adapeza lezala patebulo, pambali pa galasi lija.

“Ili ndi la chiyani, Bambo?”

“Ndevu.”

“Ndevu ndimakumetani ndine, ndipo makina ake ali m'chikwama changa.”

“Ndiye mwadziyankha nokha.”

Kalembera adayang'ana manja awo, amene sankatha kunyamula kapu yodzaza osataya, ndipo adatenga lezalalo n'kuliika m'thumba. Madzulo a tsikulo, ali yekha ku ofesi, adapisa dzanja m'thumba la epuloni yabuluu ija natulutsa chowengera cha namwino. Adachiwiritsa kunyumba kwake, nachisunga m'chikwama masiku awiri.

Lachitatu adathira madzi ofunda m'beseni, adawayesa ndi chigongono, naviika mapazi a a Kalaliki kufikira zikhadabo zitafewa. Adawapukuta pakati pa zala, adavala magolovesi, adakokera mpando pazenera pamene padali kuwala, nagwada. Adawenga pang'onopang'ono, mowongoka osati mozungulira, monga adaonera namwino akuchita kwa zaka zambiri. Chikhadabo chachikulu chokha chidamutengera kotala la ola. A Kalaliki adayang'ana kudenga, manja atagwira mpando. Mphindi makumi anayi zidatha, zina makumi awiri zidapitirira, ndipo mayi wa nyumba yotsatira adasamba mochedwa tsiku limenelo.

Atamaliza adayang'ana chala chilichonse, pansi ndi pamwamba. Padalibe magazi. Adawaveka sokosi, nsapato zidalowa, ndipo a Kalaliki adaimirira, adakonza tayi, nayenda m'khonde maulendo asanu ndi umodzi asadatope.

“Zikomo, Mayi,” adatero pobwerera. Mawu amenewa sankawataya wamba.

Kalembera adatsegula buku nalemba kuti, “Ndawenga zikhadabo zonse khumi, palibe bala.” Kusalemba sikudamubwerere m'mutu. A Kalaliki adawerenga, nasaina.

Patapita masiku asanu ndi anayi kudafika kalata yochokera ku ofesi yopereka ziphaso, yonena kuti woyendera mabungwe adzabwera Lolemba. Lachisanu Abwana adasonkhanitsa mabuku onse a m'nyumba kuti awaone, ndipo chakumasana adaitana Kalembera m'chipinda chamkati natseka chitseko.

“Achemwali, khalani pansi.”

Kalembera adadziwa kuti pali kanthu, pakuti Abwana ankamutcha achemwali pokhapokha akafuna kuti agwire ntchito Lamlungu.

“Mwandipha,” adatero Abwana, chala chili patsamba. “Mzere uwu ukukudyani inu. Itatu iyi ikudya ine pamodzi ndi anzanu khumi ali panjawo. Bungwe lopanda namwino salipatsa chiphaso, mukudziwa. Ine ndimati ndimuuza woyendera kuti namwino wachoka posachedwapa. Tsopano inu mwalemba masiku ake.”

“Ndinakuuzani katatu.”

“Munandiuza, sindikukana. Pakamwa sipanakwane? Mpaka cholembera?”

“Munatiphunzitsa ndinu kuti chosalembedwa sichinachitike.”

“Eya. Ndiye chisachitike.”

Abwana adatsegula kabati natulutsa buku latsopano, lofanana ndi lakalelo chikuto ndi mizere yomwe.

“Ndi masamba makumi asanu ndi limodzi okha. Mukopere zonse, musiye inayi imeneyi. Palibe wavulala, achemwali. Munthu akuyenda, wavala nsapato zake. Tikubisa chiyani, mtembo?”

“Nanga inki yofiira?”

Abwana adagwira pachipumi. Adakumbukira kuti chaka chapitacho woyendera adayamikira masiginecha amenewo, moti buku lopanda iwo likadaoneka ngati munthu wopanda mano akutsogolo.

“Akasainenso. Mdala ameneyo amakumverani inu. Tamverani, ine ndinagulitsa galimoto kuti anthu alandire malipiro mwezi watha. Inuyo muli ndi ana awiri kusukulu. Chiphaso akakulandani, mukagwira kuti pa msinkhu wanuwu?”

Kalembera adatenga mabuku onse awiri nawaika m'chikwama.

Loweruka masana adakhala patebulo la kukhitchini kwake nakopera. Adagwiritsa ntchito zolembera zitatu zosiyana kuti masiku asafanane, ndipo pamene m'buku lakale mudali mawu okhwatchidwa, nayenso adakhwatcha. Atafika pa mizere ija adaidumpha. Dzuwa lisadalowe adamaliza.

Lamlungu m'mawa adakwera masitepe makumi anayi, adasambitsa a Kalaliki, adawaveka, kenaka adaika buku latsopano patebulo pamodzi ndi cholembera chofiira.

“Lakale lija latani?” adafunsa.

“Lilipo. Ku ofesi akufuna loyera.”

“Kope silisainidwa popanda kuona chiyambi chake. Bweretsani.”

Adayala mabuku awiriwo moyandikana, adatenga rula ndi galasi, natsika mzere ndi mzere. Kalembera adachapa thaulo, adasesa, adaphika tiyi, iwo akadali pomwepo. Patsamba la makumi anayi ndi chimodzi rula idaima. Idaimanso katatu. Atatha adavula magalasi nabweza cholembera.

“Tsiku limodzi silisainidwa kawiri, Mayi.”

“Bambo, mawa kukubwera woyendera. Akawerenga zimenezo, chiphaso changa chapita.”

“Chifukwa cha mapazi anga?”

“Chifukwa cha mapazi anu.”

A Kalaliki adayang'ana nsapato zawo kwa kanthawi.

“Kusaina sindisaina. Koma musaope. Ndaona oweruza ambiri, ena ankhanza, ena atulo, ndipo palibe amene analanga munthu mboni yake itafotokoza bwino. Mubwere naye kuno woyenderayo. Ndilankhula ndine.”

Kalembera sadaumirire. Adapinda buku latsopanolo, ndipo tsiku lomwelo adalipereka kwa Abwana, amene adalitsekera m'kabati nabweza lakale pamulu wa mabuku.

Woyendera adali mayi wachichepere, wa magalasi, wolankhula motsitsa mawu. Adafika nthawi yake yeniyeni, adakana tiyi mwaulemu, nawerenga mabuku m'mawa wonse. Atafika pa la a Kalaliki adayang'ana dzina la namwino pabolodi, adayang'ana epuloni yabuluu, nafunsa tsiku limene mwini wake adachoka. Abwana adanena zoona, pakuti padalibenso pobisala. Masana adati akaone nyumba zitatu, ndipo ya a Kalaliki idali yomaliza. Adapita atatu: woyendera, Abwana ndi Kalembera.

Pamasitepe woyendera adaima kuti apume, natembenukira kwa Kalembera.

“Mayi, zimene munachita n'zoletsedwa, ndipo ndizilemba. Koma munadziwitsa ofesi katatu, munalemba zoona, ndipo ngati mapazi ali monga mwaneneramo, nkhani zotere zimathera pa kalata ya chenjezo ndi maphunziro a masiku awiri. Wogamula si ine, koma ndi mmene zimakhalira.”

“Zikomo,” adatero Kalembera, ndipo masitepe otsalawo adakwera mopepuka.

A Kalaliki adawalandira ataimirira, atavala jekete, nsapato zikunyezimira. Adapatsa woyendera mpando wa manja, amayi enawo adakhala pabedi, ndipo iwo adakana kukhala pansi.

“Mboni imalankhula chilili,” adatero.

Adafotokoza mwadongosolo, kutchula masiku, sokosi zitatu zimene zidang'ambika, masilipasi, lezala. Adanena kuti lezalalo adalitenga ndi cholinga, ndipo kuti mayiyu akadapanda kulilanda, mwina pano akadakhala ndi mwendo umodzi. Woyendera adalemba, napempha kuona mapazi. Adawaona chala ndi chala, nagwedeza mutu.

“Ndaonapo anamwino owenga moipa kuposa apa,” adatero. “Koma zimenezi sindilemba.”

Adatseka cholembera nayamba kulongedza mapepala. A Kalaliki, amene adali atakhala pansi kuti avekedwe nsapato, adakweza chala.

“Ndiwonjezere chimodzi, Mayi woyendera, kuti muone mtima wa munthu ameneyu. Dzulo atabwera ndi buku lachiwiri lija, ine n'kukana kusaina, sanandikakamize ngakhale pang'ono. Wina akanalira, wina akanandinyengerera ndi masikono. Iwowa anangolipinda n'kubwerera nalo. Anthu otere atha masiku ano.”

Kalembera adali chigwadire, chingwe cha nsapato chili m'manja. Woyendera adakhalanso pansi natsegula cholembera.

“Buku lachiwiri?”

A Kalaliki adayang'ana Kalembera, adayang'ana Abwana, ndipo chala chawo chidatsika pang'onopang'ono. Kwa zaka makumi atatu kudza zisanu adaonera mboni zikumiza abale awo ndi mawu owonjezera, ndipo ankazitcha zopusa.

“Mawu amenewo ndingawabweze?” adafunsa.

“Bambo, inu mudagwira ntchito kukhoti.”

“Ndidagwira.”

“Mawu a mboni akamveka, kalaliki amawasiya?”

“Sawasiya.”

“Ndiye mundikhululukire.” Adatembenukira kwa amayi awiriwo. “Bukuli lili kuti, ndipo analemba ndani?”

“Dzanja ndi langa,” adatero Kalembera.

“Buku ndinagula ndine, ndipo ndinamutuma ndine,” adatero Abwana. “Lili m'kabati ku ofesi. Silinagwiritsidwe ntchito.”

“Chifukwa bambowa anakana,” adatero woyendera.

Kalembera adamaliza kumanga nsapato yachiwiri, mfundo ziwiri monga ankafunira a Kalaliki, naimirira.

“Pepani, Mayi,” adatero a Kalaliki, mawu ali pansi. “Ndimati ndikukuthandizani.”

“Ndikudziwa, Bambo. Mankhwala a madzulo ali m'kapu yobiriwira. Musamwe musanadye.”

Amayi atatu aja adabwerera ku ofesi. Abwana adatsegula kabati, ndipo woyendera adayala mabuku awiriwo patebulo, nawafananiza tsamba ndi tsamba monga adachitira a Kalaliki, koma popanda rula. Adafunsa chifukwa chake inki idali ya mitundu itatu, ndipo Kalembera adamuuza. Adalemba zimenezonso. Adatenga mabuku onse awiri, adasiya kapepala kosonyeza kuti wawatenga, adatsazika aliyense mwaulemu, napita. Abwana adatenga kansalu nafufuta dzina la namwino pabolodi.

Chigamulo chidafika pakalata patatha masabata atatu. Pa mlandu wowenga zikhadabo, Kalembera adapatsidwa chenjezo ndi maphunziro a masiku awiri. Pa mlandu wokopera buku, chiphaso chake chidaimitsidwa kwa chaka chathunthu, ndipo adauzidwa kuti chakacho chikatha adzalembanso mayeso ngati woyamba kumene, komanso kuti sadzaphunzitsanso ena. Bungwe lidalipitsidwa chindapusa, lidaletsedwa kulandira odwala atsopano, ndipo lidapatsidwa masiku makumi asanu ndi limodzi kuti lipeze namwino, apo ayi litsekedwe. Abwana adachotsedwa pa udindo woyang'anira mabuku. Odwala shuga onse asanu ndi awiri adasamutsidwira ku bungwe lina sabata yomweyo, ndipo mmodzi mwa iwo adali a Kalaliki. Iwo, pokhala mboni chabe, sadapatsidwe chilango chilichonse.